Bwalo la Mafunso: Kodi madainoso ankachuluka ku America kuposa kuno kwathu?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina ku Dedza. Mwana wina wa Fomu 3 wandionetsa mapu pa foni osonyeza malo amene kunapezeka mafupa a madainoso padziko lonse. Madontho ali mbwee ku America, ku Ulaya ndi ku China, koma ku Africa ndi apo ndi apo basi, pakatikati pa Africa ndiye mpoyereratu. Akundifunsa kuti kodi nyama zakalezo zinkadana ndi Africa? Ndimuyankhe bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo mumugwire dzanja bwino chifukwa wafunsa funso lomwe akatswiri enieni akhala akukokanakokana nalo kwa zaka zoposa 50. Yankho lake ndi ayi. Mapu amene waonawo ndi a malo omwe anthu anafika, nakumba, nalemba zomwe apeza mpaka zinalowa mu kompyuta. Komwe nyamazo zinkakhala ndi nkhani ina.

Taganizani za kalembera woti owerenga anthuwo akungoyenda mmbali mwa tala, nyumba za kumudzi osafikako, pamapeto pake nkulengeza kuti Amalawi onse amakhala mmphepete mwa msewu wa M1. Ziwerengero zawozo sizabodza ayi, anthu anawawerengawo alipodi, koma chithunzi chake nchokhota. Mafosilo, kutanthauza mafupa ndi zotsalira zina za zamoyo zakale zomwe zinasungika mmiyala, nawo ali choncho, ndipo kukhotako kumayamba tsiku lomwe nyamayo yafa.

Nyama ikafa pamtunda afisi, miimba, chiswe, dzuwa ndi mvula zimagawana mpaka osatsala kanthu. Mayi wina katswiri dzina lake Kay Behrensmeyer wakhala akutsata mitembo ya nyama ku Amboseli ku Kenya kuyambira mma 1970, kuona mmene mafupa amasweka ndi kufumbutuka, ndipo anaona kuti fupa losakwiririka limatha pa zaka zochepa chabe, makamaka la kanyama kakang'ono. Kuti fupa lisanduke mwala pamafunika likwiririke msanga ndi matope kapena mchenga, monga mmene zimakhalira mu mtsinje wosefukira, pansi pa nyanja kapena pa dambo. Nde nyama zokhala kumapiri ndi munkhalango zowirira momwe dothi lake limadya mafupa zimangopita osasiya mbiri. Chitsanzo chimene ine chimandidabwitsa ndi cha anyani aja a chimpanzi, akhala mu Africa muno zaka zankhaninkhani koma fosilo yawo yoyamba inalengezedwa mu 2005, timano tochepa topezeka ku Kenya. Timano basi! Ndipo zamoyo zopanda fupa kapena chigoba, nyongolotsi ndi zinzake, izo ndiye zimasowa kwambiri pokhapokha pamalo amwayi ngati Burgess Shale ku Canada pomwe Charles Walcott anapeza mu 1909, kapena Chengjiang ku China pomwe anatulukira mu 1984. Malo amodzi otere amatha kutulutsa mitundu yambirimbiri mpaka munthu nkumaganiza kuti nthawi imeneyo zamoyo zinangochuluka mwadzidzidzi, chikhalirecho ndi matope ake anali abwino.

Olo T. rex, dainoso wamkulu wodya nyama wotchuka uja, amene ku America amukumba ndi ndalama zambiri kwa zaka zoposa 100. Mu 2021 Charles Marshall ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Berkeley anawerengetsera kuti pa nthawi yonse yomwe mtunduwu unalipo panakhala nyama zotere pafupifupi 2.5 biliyoni, koma zomwe mafupa ake ali mmamyuziyamu zikufanana ndi imodzi pa 80 miliyoni zilizonse. Ameneyo ndi dainoso wofufuzidwa kwambiri, nanga kanyama kakang'ono ka mnkhalango ya ku Congo?

Fupa likapulumuka pamenepo mpofunikanso mwala womwe lagonamo upulumuke, usakokoloke, usaphikidwe ndi kutentha kwa pansi pa dziko, kenako udzaonekere pamwamba mnthawi yathu ino. Kumadzulo kwa America, ku Montana, Wyoming, Utah ndi ku Alberta ku Canada kuli zigwembe zouma zopanda udzu zoti munthu umangoyenda maso pansi fupa nkumaliona. Chipululu cha Gobi ku Mongolia chimodzimodzi, Patagonia ku Argentina chimodzimodzi. Pomwe ku chigwa cha Congo ndi ku Amazon miyala yaphimbidwa ndi nkhalango ndi dothi lakuya, olo pansipo patagona chinyama chachikulu bwanji simungachione.

Tsono chomaliza, chomwe anthu asayansi ena sankakonda kuchitchula, ndi ndalama ndi mbiri ya utsamunda. Mu 2022 Nussaïbah Raja, Emma Dunne ndi anzawo anasanthula nkhokwe yaikulu ya pa intaneti ya Paleobiology Database, yomwe akatswiri ambiri amatengamo ziwerengero, ndipo anapeza kuti 97 peresenti ya zomwe zilimo zinalembedwa ndi ofufuza okhala mmayiko olemera ndi opezako bwino. Kufufuza mafosilo kumafuna galimoto yolimba, mafuta, malipiro a okumba, labu yotsukira mafupa kwa miyezi, ndi munthu wolembedwa ntchito yoti azichita zimenezo moyo wake wonse. Dziko loti likuvutika kugula mankhwala mzipatala silingaike zimenezi patsogolo, zimenezo nzomveka. Koma zotsatira zake nzoti mapu a mafosilo amafanana kwambiri ndi mapu a chuma.

Ndipo pomwe anthu anakumbadi mu Africa zinthu zinatuluka zoopsa. Ku Tendaguru kummwera kwa Tanzania Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, ogwira ntchito anali anthu akuda mazanamazana omwe ankasenza mafupa pamutu ulendo wa masiku mpaka ku doko la Lindi, matani oposa 200 anapita ku Berlin, ndipo dainoso wamtali uja wotchedwa Giraffatitan wayima mu myuziyamu ya kumeneko mpaka lero. Ku Zimbabwe Christopher Griffin ndi anzake anachita dala, anaona kuti madainoso akale kwambiri amapezeka ku Brazil, Argentina ndi India, mayiko omwe nthawi imeneyo anali mu mzere umodzi pomwe makontinenti onse anali ophatikizana, ndipo kumpoto kwa Zimbabwe kunali mu mzere womwewo. Anapita ku boma la Mbire kukakumba mu 2017 ndi 2019 napezadi dainoso wotchedwa Mbiresaurus wa zaka pafupifupi 230 miliyoni, yemwe analengezedwa mu 2022. Mafupawo anali pomwepo nthawi yonseyi, chimene chinkasowa ndi munthu wopita kukayang'ana. Mumuuzenso mwanayo kuti nthawi ya madainoso oyambirira kunalibe nyanja pakati pa Africa ndi America, nyama inkatha kuyenda wapansi, nde nkhani yodana ndi Africa siyingaphule kanthu.

FUNSO: Ndinaona tchati mu buku la bayoloje chosonyeza kuti mitundu ya zamoyo yakhala ikuchuluka kuyambira kalekale mpaka pano, mzere ukungokwera. Ngati mafosilo ake ndi operewera chonchi, tchati chimenechi tichikhulupirire? Wophunzira wa ku koleji, Zomba.

YANKHO: Achimwene, apa mwakhudza pachilonda penipeni. Tchati chimene mukunenacho mwina ndi chija chinachokera ku ntchito ya Jack Sepkoski wa ku yunivesite ya Chicago, bambo amene anatha zaka zambiri mu laibulale akulemba mtundu uliwonse wa nyama za mnyanja, pomwe unayamba kuoneka mmiyala ndi pomwe unasowa. Kumayambiriro kwa ma 1980 anatulutsa mzere wotchukawo, ndipo mu 1982 iye ndi David Raup anasonyeza nthawi zisanu zomwe zamoyo zinafa mwaunyinji. Ntchito yaikulu ndithu, ulemu wake apatsidwe.

Koma chosangalatsa nchoti Raup yemweyo anali atachenjeza kale mu 1972 kuti samalani, miyala yaposachedwa ndi yambiri kuposa yakale chifukwa yakale yambiri inakokoloka kapena inakwiririka pansi, nde ukawerenga mafosilo mzere uyenera kukwera basi olo zamoyozo zisanachuluke. Anaonetsa kuti nyengo yomwe ili ndi miyala yambiri ndi yomwenso imaoneka kuti inali ndi mitundu yambiri. Palinso china, miyala yaposachedwa nthawi zambiri imakhala yofewa, umatha kuisefa ndi madzi nkutola tizigoba tating'onoting'ono tonse, pomwe mwala wa zaka 400 miliyoni ndi gwa ngati simenti, umaswa ndi hamala tinthu tating'ono nkuphwanyikira momwemo. Komanso mtundu womwe ulipo mpaka lero sungasowe pa mndandanda chifukwa tikuuona ndi maso, pomwe wakale umadalira mwayi. Zonsezi zimakankhira mzere mmwamba kumapeto kwake.

Nde akatswiri anatani? Mu 1998 John Alroy ndi Charles Marshall anayambitsa Paleobiology Database ija kuti pasamangolembedwa dzina la mtundu koma malo enieni, mwala wake ndi zina zomwe zinapezeka pamodzi. Zikatero umatha kuuza kompyuta kuti pa nyengo iliyonse itole mulingo wofanana mwachisawawa, kubwereza kambirimbiri, kuti nyengo yofufuzidwa kwambiri isapondereze inzake. Mu 2008 Alroy ndi gulu lalikulu anatulutsa zotsatira kuchokera pa mafosilo okwana 3.5 miliyoni, ndipo kukwera kuja kunachepa kwambiri, mzere sunathamangire kumwamba ngati wa Sepkoski.

Koma pamenepa ine ndimaona kuti vuto lalikulu linali lisanathe, ndipo ndi limene likugwirizana ndi funso la aphunzitsi a ku Dedza aja. Kutola mulingo wofanana kumathandiza ngati vuto ndi kuchuluka kwa mafosilo, koma sikungakupatseni zinthu za kumalo komwe sikunafikidwe nkomwe. Nyengo ina mafosilo ake onse achokera ku Ulaya ndi ku North America kokha, nyengo ina achokera makontinenti asanu, nyengo ina ndi a mmadera otentha momwe zamoyo zimachuluka mwachibadwa, ina ndi a mmadera ozizira. Ukalumikiza madontho amenewa nkunena kuti uwu ndi mzere wa dziko lonse ndiye kuti ukufananiza zinthu zosafanana, dera likakula mitundu imachulukanso, aliyense amene anayendako amadziwa kuti mbalame za ku Nyika si zonse zomwe zili ku Elephant Marsh.

Mu 2020 Roger Close ndi anzake a ku yunivesite ya Birmingham anayesa njira ina, anasiya kuwerenga dziko lonse nayamba kudula madera ofanana kukula nkumafananiza dera ndi dera mnyengo zosiyanasiyana. Pa nyama za msana zapamtunda anapeza kuti kukwera kosalekeza kuja kunkabwera chifukwa malo ofufuzidwa amanka nakula tikamayandikira nthawi yathu. Mkati mwa dera limodzi chiwerengero chinkakhala chokhazikika kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri, kenako nkudumpha kawiri kapena katatu pambuyo pa chimwala chachikulu chochokera mlengalenga chomwe chinagwa zaka 66 miliyoni zapitazo nkutha madainoso, nyama zoyamwitsa zitapeza mpata. Kwa ine njira imeneyi ndi yoona mtima kuposa zinzake chifukwa imavomera kuti chomwe tili nacho mmanja ndi timawindo tochepa, nde tiyeni tifananize timawindoto tokhatokha.

Taonani mmene nkhaniyi imasokonezera ngakhale funso lotchuka lija loti kodi madainoso anali atayamba kale kutha chimwala chisanagwe. Amene amati eya amaloza ku Dinosaur Park ku Alberta, miyala ya zaka pafupifupi 76 miliyoni yodzaza ndi mitundu yambiri, nkufananiza ndi Hell Creek ku Montana ya kumapeto kwenikweni komwe mitundu ndi yocheperako. Koma nthawi yoyambayo pakati pa North America panali nyanja yaitali yomwe mmbali mwake matope ankaunjikana bwino kukwirira mitembo, kenako nyanjayo inaphwa malo osunga mafupa nkuchepa. Alessandro Chiarenza ndi anzake mu 2019 anasonyeza kuti malo oti madainoso nkukhalamo sanachepe, chomwe chinachepa ndi malo osunga mafupa awo. Mkanganowu ukadalipo, ena akuumirirabe kuti kutha kunali kutayamba, koma dziwani kuti mbali yaikulu ya umboni wake ikuchokera ku kachigawo kamodzi ka kontinenti imodzi, nkumanenera dziko lonse.

Nde tchaticho musachitaye. Imfa zikuluzikulu zija, ya zaka 252 miliyoni zapitazo ndi ya 66 miliyoni, zimaonekabe olo muwerenge mwa njira iti, zimenezo nzolimba. Chomwe muyenera kukayikira ndi timabampu tating'onoting'ono ndi kutsetsereka kwa mzere wonse, ndipo mukaona tchati chotere muzifunsa kuti mafosilo ake achokera kuti.

FUNSO: Bwanji zonse za madainoso ku Malawi zimangomveka ku Karonga? Kuno ku Mulanje kulibe? Mayi wa ku Chitakale.

YANKHO: Mayi, musadandaule, sikuti akumpoto anakondeledwa ndi boma pa nkhani iyi, ndi miyala. Gawo lalikulu la Malawi lakhala pa miyala yakalekale kwambiri yomwe inaphikidwa ndi kufinyidwa pansi pa dziko nyama za mafupa zisanakhaleko. Phiri la Mulanje lenilenilo ndi mwala womwe unali wamadzimadzi ndi kutentha nkuuma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, nthawi yomwe madainoso analipo ndithu ndipo mwina ankayenda pamwamba pakepo, koma mu mwala wotere simungakhale fupa. Zomba naye chimodzimodzi.

Karonga mwayi wake ndi chigwa chachikulu chija momwe mwagona nyanja yathu. Nthaka ikamatsika matope ndi mchenga zimaunjikana nkusungika, kenako mitsinje nkumadula zigwembe kuonetsa zamkati. Ku Mwakasyunguti kuli miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni. Mafupa a kumeneko anayamba kudziwika kwa asayansi mma 1920 kudzera kwa Frank Dixey yemwe anali mkulu woona za miyala mu Nyasaland, ndipo Sidney Haughton wa ku South Africa anawalemba mu 1928 koma anawaika mu gulu lolakwika. Panapita zaka zoposa 50 zinthu zili zii, mpaka mma 1980 pomwe Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Texas anayamba kukumba pamodzi ndi a dipatimenti yathu ya zinthu zakale, ndipo mu 1993 dainoso wa mafupa aja anapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Mmalawi mnzathu Dr Elizabeth Gomani anali mgululo, ndi iwo analemba za kang'ona kakang'ono ka pamtunda Malawisuchus mu 1997 komanso dainoso wachiwiri Karongasaurus mu 2005. Tsono onani, munthu wowerenga ziwerengero mu 1980 akanati Malawi ali ndi dainoso mmodzi wosadziwika bwino, wowerenga mu 2005 akupeza zambiri, pomwe pansi pa nthaka palibe chinasintha.

Ku Uraha pafupi ndi Chilumba gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale Homo rudolfensis mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Asanapite kumeneko mapu a anthu akale anali ndi madontho ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, kenako kudumpha mpaka ku mapanga a ku South Africa, pakati pali mbee. Iwo anapita dala kukafufuza pampata pamenepo. Ndipo nkhani ya chiyambi cha munthu ili ndi vuto lomweli, mu 2024 Andrew Barr ndi Bernard Wood anakumbutsa anzawo kuti chigwa cha kummawa kwa Africa komwe kwachokera mafosilo ambiri a anthu akale sichikwana olo 1 peresenti ya kontinenti yonse. Makolo akalewo sankakhala mchigwa mokha ayi, mchigwamo ndi momwe mafupa awo anasungika.

Chiweta ku Rumphi nayo ili ndi mbiri yake, miyala yake ndi yakale kuposa madainoso, muli nyama zomwe zinalipo imfa yaikulu ya zaka 252 miliyoni isanachitike. Kwa zaka zambiri nkhani yonse ya mmene nyama zapamtunda zinafera ndi kudzukanso nthawi imeneyo inkachokera ku Karoo ku South Africa, poti kumeneko kwakumbidwa kuyambira mma 1800. Mu 2013 Christian Sidor ndi anzake anafananiza Karoo ndi chigwa cha Luangwa ku Zambia, Ruhuhu ku Tanzania, Chiweta kwathu kuno ndi Antarctica. Anapeza kuti imfayo isanachitike nyama za mmadera amenewa zinali zofanana kwambiri, koma patapita zaka mamiliyoni angapo dera lililonse linali ndi zakezake, ndipo ku Tanzania ndi ku Zambia kunali achibale a madainoso omwe ku Karoo sankaoneka. Ndiye amene ankangowerenga Karoo yekha ankaphonya chigawo chonse cha nkhaniyo. Nyasasaurus, yemwe akatswiri ena amamuganizira kuti ndi dainoso woyambirira kapena mbale wake wapafupi, mafupa ake anatoledwa ku Ruhuhu kutsidya kwa nyanja mma 1930 ndi Rex Parrington nkukagona mu kabati ku England zaka pafupifupi 80 asanalembedwe bwinobwino. Fupa lomwe lili mu kabati losalembedwa, ku ziwerengero kuli ngati silinapezeke.

Kummwera kuno sikuti kulibiretu chiyembekezo. Ku Chikwawa ndi Nsanje, cha ku Lengwe ndi Mwabvi, kuli miyala ya mtundu wa Karoo womwewo, ina yake ndi ija muli malasha. Kungoti sikunayendedwe ndi ofufuza mafupa ngati mmene kwayendedwera ku Karonga. Mukapeza mpata wopita kumpoto kaloweni mu myuziyamu ya Cultural and Museum Centre Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004, chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chaima momwemo, ana amasangalala nacho heve.

FUNSO: Mchimwene wanga pokumba chitsime anapeza chinthu chooneka ngati fupa koma cholemera ngati mwala. Pali munthu akufuna kugula. Tigulitse? Wowerenga wa ku Rumphi.

YANKHO: Ayi bambo, musagulitse. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere, kuzigulitsa kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Komanso fupa likachoka pamalo pake popanda wolemba kuti linali pati, kuya bwanji, mu dothi lamtundu wanji, phindu lake ku sayansi limatsika kwambiri chifukwa zaka zake zimadziwika ndi mwala womwe linagonamo. Mayiko ena akulimbana mpaka pano kuti zawo zibwerere, Brazil inachita kukokana ndi Germany mpaka fosilo ya dainoso wotchedwa Ubirajara inabwezedwa mu 2023, ndipo Zambia yakhala ikupempha kwa zaka zambiri chigaza cha munthu wakale cha ku Kabwe chomwe chinapezeka mu mgodi mu 1921 nkupita ku London.

Uzani achimwene anuwo asiye kaye kukumba mbali imeneyo ngati nkotheka, asalitsuke kapena kulimenya ndi khasu pofuna kuona mkati. Alijambule pa foni ataika ndalama yachitsulo kapena bolopeni pambali kuti kukula kwake kuoneke, ajambulenso dzenjelo, alembe kuya kwake, ndipo ngati foni ili ndi GPS asunge malowo. Akatero adziwitse amfumu ndi ofesi ya DC, kapena apite ku dipatimenti ya Museums and Monuments, kwa inu a ku Rumphi myuziyamu ya ku Mzuzu kapena ya ku Karonga ndi yomwe ili pafupi.